Zitseko Zitatu za ku Liwaladzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Barnaba, msodzi wa ku Liwaladzi, kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Ndilemba za chaka chimene msonkho wa nyumba unatsala pang'ono kusiya amayi atatu pamvula, ndi mmene Mulungu anatitulutsira m'vutolo. Inali nthawi ya Nyasaland, nkhondo yoyamba ya Ajeremani itatha kale, yachiwiri isanayambe.

Pagombe pathu tinali ndi kabungwe. Tinali amuna okoka khoka limodzi, opemphera tchalitchi chimodzi, pamodzi ndi akazi athu. Lamulo linali limodzi basi: khoka likatuluka, dengu loyamba si la munthu. Linkapita kwa anthu opanda wowasodzera. Nsomba zikachuluka tinkayanika zina n'kusinthitsa ndi mchere ndi nsalu zawo. Thumba la ndalama tinalibe. Ine anandiika wamkulu chifukwa ndinali ndi nkhwangwa yabwino, ndiponso sindinkatalikitsa nkhani.

Tinamanga nyumba zitatu za anthu ovutikawo kuseri kwa munda wanga wa chinangwa. Nsichi ndinadula ndine, kufolera ndinafolera ndine, akazi anamata ndi kuzira. Zitseko tinasema ku bwato lakale la mbawa limene linang'ambika pamiyala. Zinali zitseko zolemera, zoposa za nyumba zathu zomwe, chifukwa zathu zinali za bango.

Oyamba kukhalamo anali nkhalamba zitatu. Chaka china Bwana Disi, mzungu wolamulira boma, anadutsa pa ulendo wake. Anaziona nkhalambazo ndi maso, nati zisamakhome msonkho, poti lamulo linkakhululukira okalamba, akhungu ndi opunduka. Kalaliki wake anatenga phula n'kulemba chizindikiro pa chitseko chilichonse, kuti okhometsa msonkho akafika azipitirira. Ndipo ankapitiriradi.

Nkhalambazo zinamwalira imodziimodzi. Mwambo wathu mukuudziwa: nyumba ya womwalira saisiya, amaigwetsa. Ifenso tinkagwetsa, koma tinkayamba tachotsa chitseko. Tinkamanga nyumba ina pambali pake, kupachika chitseko chomwecho, n'kulowetsamo munthu wina wovutika. Tonse tinkakhulupirira kuti boma linakhululukira zitseko. Panalibe woganiza zokanena kuti uje wamwalira, uje walowa. Tinkati munthu wosakhoma msonkho alibe chokachita ku boma.

Chaka chimene ndikunenachi m'nyumbazo munali awa. Mayi Nangozo anali osaona, koma pakamwa panali pakuthwa. Abiti Juma anali Msilamu, miyendo yawo inali itafa, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anatchona ku Halale. Ena anadandaula kuti si a mpingo wathu, ine ndinati njala sifunsa mpingo. Wachitatu anali Naphiri, wocheperapo kwa ine. Anali ndi khate, zala zinali zitatha, abale ake anamuthamangitsa. Sankayankhula kawirikawiri.

Mvula itayamba kunabwera kalaliki watsopano ndi amesenjala ake. Sanali munthu woipa, anali wofuna kuti ntchito yake iwongoke. Akale ankangoona phula n'kupitirira, koma uyu anaima pa chitseko choyamba n'kuitana dzina la amene anakhululukidwa.

Mayi Nangozo anayankha ali m'kati. "Amenewo mukawapeza kumanda, mwanawe. Mukafika muwapatse moni, tinkagwirizana."

Anaitana dzina lachiwiri, analibe. Lachitatu, analibe. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nyumbazi anamanga ndani?"

"Ine."

"Amawadyetsa ndani?"

"Bungwe lathu."

"Ku boma kulibe bungwe lotero. Ndiwo amabwera nazo pakhomo pano ndani?"

"Ndimabwera nazo ndine."

"Bambo, mwamuna womangira mkazi nyumba, n'kumufolerera, n'kumamubweretsera ndiwo, kuno kwanu mumamutchula chiyani?"

Kwathu ameneyo ndi mwamuna wake. Analemba kuti amayi atatuwo ndi akazi anga, ndipo nyumba ya mkazi aliyense imakhoma msonkho. Anawonjeza kuti tabisa amoyo kuseri kwa zitseko za akufa, ndipo kumeneko n'kunamiza boma. Anatipatsa njira ziwiri. Tikhome msonkho wa nyumba zitatu wa zaka zonse zimene tinakhala chete, kapena tipite nawo amayiwo kwa Bwana Disi akawaone yekha, pamodzi ndi zitseko zonse zitatu. Mwezi watsopano ukaoneka tisanachite chimodzi, amesenjala abweranso ndi moto.

Ndalama zimenezo sitikanazipeza ngakhale titagulitsa khoka, ndipo khokalo ndilo linkawadyetsa. Nyumba zikapsa sitikanamanganso, chifukwa m'dzinja udzu wouma wofolera supezeka. Amayiwo akanagona pamvula mpaka chilimwe. Nyumba zathu zinali zodzaza ndi ana, ndipo Naphiri panalibe akanamulola kulowa kwake.

Pamudzi nkhani inafala msanga. Ndikadutsa pagombe anyamata ankati, "Moni a mitala." Mkazi wanga Esitere anaseka kuseka kowawa. "Bambo a Mariya, ndiye kuti ndili ndi akazi anzanga atatu, onse n'kumawatungira madzi ndine." Atatero anapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Tinakumana a bungwe. Wina anati tiwabise amayiwo m'bango tsiku limenelo, amesenjala apeze nyumba zopanda anthu. Ndinati m'bango muli ng'ona, ndipo nyumba yopanda munthu imapsa chimodzimodzi. Wina anati Abiti Juma apite kwa Asilamu anzawo, Naphiri abwerere kwa abale ake, ife tisasenze mtolo wa eni ake. Ena awiri anaimirira n'kuchoka, ndipo mmawa mwake sanabwere kukhoka. Otsalafe tinagwirizana zowanyamula.

Mabwato athu sakanatithandiza. Bwato la msodzi n'lopapatiza kukamwa, munthu amakhala pamphepete atalowetsa miyendo, ndipo amayenera kudzigwira yekha mafunde akamamenya. Wosaona, wakufa miyendo ndi wopanda zala sangathe zimenezo ulendo wonse wa ku boma, makamaka pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Choncho tinamanga machila ndi mitengo ndi zidutswa za ukonde wakale. Tinazula zitseko, ena anasenza pamutu, tinauyamba wapansi.

Tinapeza Bua atadzaza. Madzi anali ofiira, akukokolola mitengo yathunthu. Wowolotsa anthu anali padooko ndi bwato lake lalikulu. Anayang'ana amayi awiriwo nati ayesa. Kenako anaona manja a Naphiri.

"Uyu ayi. Bwato ili ndiyo mbale yanga. Akakwera ameneyu, adzakweranso ndani?"

Ndinamupempha, anakana. Ndinamulonjeza nsomba za khoka lathunthu, anakana. Naphiri anati, "Pitani ndi awiriwa, achimwene. Ine ndisiyeni pano." Ankayang'ana madziwo mwa njira imene sindinaikonde.

Ndinena zoona, ndinaganiza zopulumutsa awiri. Koma Mayi Nangozo anagwira mtengo wa machila. "Iwe Barnaba, tinachoka atatu. Ine sindiona, koma kuwerenga anthu ndimatha." Abiti Juma nawo anapukusa mutu. Tinabwerera. Mvula inatipeza panjira, ndipo Abiti Juma anafika kunyumba thupi likutentha. Tinapachikanso zitseko.

Mwezi unali kutha. Mmawa uliwonse ndinkauona ukuchepa, ndipo ndinasiya kudya. Tsiku lina ndikupita ndi ndiwo ndinapeza Naphiri akutulutsa katundu wake. Anali ndi mphasa, mphika umodzi ndi chikho. Ankazikankha ndi zikhatho zake zopanda zala, n'kukaziika pansi pa mtengo wa mango. Ndinamufunsa kuti akuchita chiyani. Anati, "Kuti zisapse."

Ndinaika ndiwo pansi n'kulowa m'munda wa chinangwa. Dzuwa linali pamutu. Ndinagwada m'matope. Ine mapemphero ataliatali sindiwadziwa. Ndinati, "Ambuye, njira ya pamtunda yatsekeka. Ya pamadzi ndilibe. Ndalama ndilibe. Amayiwa ndi anu, si anga, ngakhale boma lalemba kuti ndi anga. Chitanipo kanthu." Ndinadikira. Sindinamve mawu, sindinaone chizindikiro. Ndinadzuka mawondo ali matope.

M'malo mwa yankho kunabwera namondwe. Mphepo ya mpoto inasasula madenga, nyanja inakwera mpaka pamene timayanika khoka. Mumtima ndinati, ndapempha njira, Mulungu watseka ndi kanjira kamene kanatsala. Ndinamukwiyira. Musadabwe, wokhulupirira nayenso amafika pamenepo.

Mphepo italeka tinaona chombo cha thanga chikubwera mokhotakhota, amalinyero akuchiwongola ndi mtengo wautali. Chinaponya nangula pafupi ndi gombe lathu. Chinali cha a Saidi, Msilamu wa ku Nkhotakota, chinkachokera kumpoto ndi katundu. Tsigiro, thabwa la kumbuyo lowongolera chombo, linali litang'ambika pakati.

Ife ndi anthu a zombo zimenezi sitinkadyera pamodzi. Makolo athu ankati zombo zotere n'zimene zinkawolotsa akapolo, ndipo mayi anga omwe anataya mlongo wawo mwa njira imeneyo. A Saidi atatsika sindinawapatse moni.

Anayenda mudzi wonse kufuna thabwa louma, lolimba, loti asemere tsigiro latsopano. M'dzinja mtengo wouma ungaupeze kuti? Paliponse anapeza zitseko za bango. Pomaliza anafika kuseri kwa munda wanga, anaima pa nyumba ya Naphiri, anagogoda chitseko ndi chala n'kutchera khutu.

"Mbawa youma iyi. Mwini wake ndani, bambo?"

Ndinawauza kuti mwini wake ali m'katimo, koma chitseko chili ndi mlandu, chikufunika ku boma. Anatulutsa ndalama m'lamba. Ndinati sindikufuna ndalama. Pamenepo m'pamene maganizo anandifikira. Ndinati, "Mutitengere ku boma. Ine, amayi atatu ndi zitseko ziwiri."

Koma ndinachita mantha. Kalaliki anati zitseko zitatu. Chimodzi chikasemedwa, adzati ndawononga umboni. Chikapanda kusemedwa, chombo sichiyenda, ndipo palibe afike ku boma. Ndinaona kuti palibe kuchitira mwina.

A Saidi anafuna kuwaona okwerawo. Kwa Abiti Juma anawerama pakhomo n'kupereka salamu, mayiwo anayankha, ndipo anakambirana pang'ono m'mawu a chipembedzo chawo. Kwa Mayi Nangozo anaseka. Naphiri atatuluka, a Saidi anaona manja ake. Amalinyero awo anabwerera m'mbuyo, mmodzi anati iye sakwera chombo chimodzi ndi wakhate.

Naphiri anati, "Tengani chitseko, a Saidi. Moto ukubwera, chingopsa chabe. Ine nditsala."

A Saidi anatembenukira kwa anthu awo. "Tikwere pa chitseko chake, mwini wake timusiye pagombe? Mulungu amene watitulutsa m'namondwe uja atiyang'ana bwanji? Amene sakufuna, njira ya pamtunda ndi iyo."

Mmodzi anatengadi nsalu yake n'kuuyamba wapansi. Enawo anatsala. A Saidi anagwira kasemasema, ine ndinagwira thabwa. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asaseme pamene pali phula. Anasema mozungulira. Esitere analuka chitseko cha bango n'kupachika pa nyumba ya Naphiri.

Tinanyamuka m'mamawa. Naphiri anamukhazika kutsogolo pa mphasa yake, Abiti Juma tinawagoneka pa matumba, Mayi Nangozo anakhala pafupi ndi mlongoti akusanza ndi kutukwana nyanja. Pamene Bua amathira m'nyanja mafunde anaima ngati zulu za chiswe, madzi ofiira akumenyana ndi oyera. Chombo chinapendekeka, madzi analowa. Ine maso anga anali pa tsigiro. Linalira ngati lithyoka, a Saidi analigwira ndi manja awiri akunena Bismillah, ine ndikunena Ambuye Yesu. Silinathyoke.

Tinafika ku boma tsiku limene mwezi unkayembekezeka kuoneka madzulo ake. Tinapeza kalaliki uja pakhonde akulangiza amesenjala za ulendo wa ku Liwaladzi. Atationa tikubwera ndi machila ndi zitseko pamutu, anawasiya amesenjalawo. Analowa m'kati. Tinadikira padzuwa mpaka miyendo inachita dzanzi. A Saidi sanapite kukatsitsa katundu wawo, anakhala nafe.

Bwana Disi anatuluka ndi womasulira. Bwanayo sanali yemwe uja wa kale. Anagwedeza dzanja pamaso pa Mayi Nangozo, anayang'ana miyendo ya Abiti Juma, ndipo kwa Naphiri anaima patali n'kumuuza kuti atambasule manja. Kenako anafunsa ngati amayiwo ali akazi anga.

Mayi Nangozo sanadikire kuti ndiyankhe. "Barnaba ameneyu? Muwauze bwanawo kuti munthu uyu amabwera, kuika nsomba pansi, kutsokomola, n'kumapita. Ndikanakhala mkazi wake ndikanathawa kale, ngakhale njira sindiiona."

Womasulira anayamba waseka asanamasulire. Bwanayo sanaseke. Analoza zitseko nati akuona ziwiri, chachitatu chili kuti? Anati munthu wobwera ndi umboni wopereweza amakhala kuti akubisa kanthu. Ndinayamba kufotokoza za namondwe.

A Saidi anaimirira. "Bwana, chachitatu chili m'madzi, kumbuyo kwa chombo changa. Ndicho chawabweretsa kuno."

Bwanayo anatuma kalaliki kuti akaone. Tinadikiranso. Kalaliki anabwerera kabudula atanyowa mpaka m'chiuno, nati chizindikiro chilipo, n'chomwecho, ndipo asema mochizungulira kuti chisafufutike. Ananena zimenezi yekha, osafunsidwa. N'chifukwa chake ndati sanali munthu woipa.

Kenako Bwanayo anafunsa za bungwe. Kodi mumagulitsa nsomba? Ndinati za dengu loyamba timasinthitsa ndi mchere ndi nsalu za amayiwa basi. Kodi a bungwe mumagawana zotsala? Ndinati sizitsala, ndipo zikanatsala si zathu. Anafunsa kuti ndani angachitire umboni amene si wa mpingo wathu. A Saidi anati, "Ndinamupatsa ndalama ya chitseko, anakana. Ine ndakalambira pa malonda, bwana. Wamalonda sakana ndalama."

Chigamulo chinali chotere. Amayi atatuwo anakhululukidwa msonkho, aliyense ndi chiphaso cha dzina lake. Bungwe lathu linalembedwa ku boma kuti ndi lothandiza osauka, losachita malonda, ndipo nyumbazo zinachotsedwa pa dzina langa. Koma womasulira ananena kawiri kuti ndimvetse: chikhululuko n'cha munthu, osati cha thabwa, ndipo munthu akafa chimafa naye. Chaka chilichonse pa nthawi ya msonkho wamkulu wa bungwe azibwera kudzanena amene ali m'nyumbazo, amene wamwalira, amene walowa, ngakhale palibe chokhoma. Tikadumpha chaka, nyumbazo zidzawerengedwanso ngati zina zonse. Pa zaka zimene tinakhala chete, amuna a bungwe tinalamulidwa kukalambula msewu. Sitinatsutse. Kalaliki anatenga mpeni n'kupala phula pa zitseko ziwiri zija.

Madzulo ake mwezi unaonekadi. Naphiri anandifunsa ngati angakalowetsenso mphika wake m'nyumba tikabwerera kwathu. Ndinati ukalowetse.

A Saidi anatibwezera kwathu pa ulendo wawo wotsatira wa kumpoto. Ndinawapatsa nsomba zouma, anakana, nati ulendowo ndi sadaka yawo, mphatso yawo kwa Mulungu, ndisawalande. Msewu tinalambula, manja anatupa. Mwa awiri amene anachoka kukhoka, mmodzi anabwerera ndi khasu lake, winayo sanabwererenso.

Naphiri sanakhalitse. Anamwalira nyengo ya mwera yotsatira, ali m'nyumba mwake, denga lili pamutu pake, Esitere ali pakhomo. Tinamuika. Nyumba tinagwetsa monga mwa mwambo, ndipo chitseko cha bango chija tinachigwetsera pamodzi. Maliro atatha ndinauyamba wa ku boma. Pa Bua anandiwolotsa munthu yemwe uja anakana Naphiri. Kalaliki atandiona pakhonde anafunsa kuti, "Mwabwera ndi msonkho, bambo Barnaba?" Ndinati, "Ayi. Ndabwera ndi dzina." Ndinamuuza, analemba, ndinabwerera. Ndinayenda ulendo umenewo chaka ndi chaka mpaka mawondo anakana, ndipo wina analowa m'malo.

Ndithokoza Mulungu amene sanalole kuti moto ufike pa nyumba zija. Ndinamupempha njira, iye anatumiza namondwe, ine n'kumukwiyira. Sindinadziwe kuti namondweyo akundibweretsera munthu amene sindikanamupatsa ngakhale moni. Ndithokozanso a Saidi. Anamwalira kale, koma mpaka imfa yawo akadutsa ku Liwaladzi ankatsika kudzaona Abiti Juma, ndipo tinkadyera mbale imodzi.

Inu amene muli ndi timabungwe tothandiza amasiye ndi odwala, mverani. Ntchito yanu ndi yabwino, koma ubwino wake sukuyankhirani ku boma. Kadziwitseni kuti mulipo. Akakukhululukirani msonkho musagone, pitani kukanena zimene akufuna kumva pa nthawi yake, ngakhale mulibe chokhoma. Kukhala chete kwathu kunatsala pang'ono kutentha nyumba za anthu osalakwa.

Ndipo iwe mbale amene wafika pa mtsinje wodzaza, n'kubwerera, n'kupemphera, zinthu n'kuipiraipira, usataye mtima. Usasiye wachitatu padooko. Yang'anitsitsa chimene mphepo yakutayira pagombe, ngakhale chitakhala chothyoka, ngakhale mwini wake si wa kwanu. Mulungu amadziwa anthu ake ndi mayina. Naphiri anamudziwa pamene abale ake anamuiwala, ndipo iwenso akukudziwa.

Mtendere wa Ambuye ukhale pa nyumba zanu. Amen.